Guluu Wofiira wa Ezeliya

Mtembo wa Frackson unapezeka Lachinayi m'mawa pamtsetse wotsikira kumlatho wamitengo, panjira yafumbi yochokera ku Kabudula kupita ku Nsaru. Anali chafufumimba m'ngalande, khosi litapindika, nsapato imodzi ili pakati pamsewu. Njinga yake yamoto ya kabaza inagona chapatali, tcheni chitazengereza kugudumu lakumbuyo.

A Chikoti, wapolisi wofufuza milandu amene imvi zinawamerera pantchito yomweyi, anafika panjinga yawo yamoto yokalamba, imene ankaikonza okha. Anthu anali atadzaza kale. Pangozi anthu sachedwa. Amachedwa munthu akamaitana ali moyo.

A Chikoti anayenda motsatira mzere umene tayala linakwekwesa. Gudumu lakumbuyo linaima mwadzidzidzi njinga ikuthamanga. Anagwada n'kusuzumira kuseri kwa chivindikiro. Kagiya ka mano kamene kamakoka tcheni kuchokera ku injini kanali katachoka m'malo mwake. Kagiyako kamagwiridwa ndi mabawuti awiri. Onse awiri panalibe.

"Si ngozi iyi, bwana!" mayi wina anakuwa akudzigwetsa pansi. "Wamupha ndi mkazi wake! Kamtenanti kaja kamupha mlongo wanga!"

"Inu ndinu ndani, mayi?"

"Elizabeti. Uyu ndi wobadwa naye. Kafunseni guluu amene mkazi wake anagula. Kafunseni!"

Dokotala wa pachipatala chaching'ono atatsimikiza kuti khosi ndi limene linathyoka, panafika ngolo yodzatenga mtembo. Ankaiyendetsa a Zikani, atsibweni a malemuyo, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wokhala ndi matenanti ake. Anavala jekete lakuda ngakhale kunali dzuwa. Ng'ombe zawo ziwiri zinali ndi chidindo cha mwini wake pantchafu, kamtanda m'kati mwa mkombero. Pa imodzi chidindocho chinali chikadali chilonda chachiwisi, ntchentche zili ng'waa.

"Tipemphere kaye," anatero a Zikani. Anthu anawerama. Anapemphera bwino, mawu osagwedera.

A Chikoti anauza anzake a malemu a kabaza kuti akankhe njingayo mpaka kupolisi, wina asaikhudze ndi sipanala. Iwo anatsatira ngolo.

Kumudzi anapeza amayi akulira m'nyumba ya siwa. Mkazi wa malemu munalibe. Anampeza kuseri kwa nkhokwe, atakhala pansi yekha, miyendo itatambasulidwa, maso ali gwa. Dzina lake linali Ezeliya, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene Frackson anamutengera kumudzi kwawo pachitengwa.

"Bwanji muli kuno, mayi?"

"Andikaniza kulowa. Akuti wakupha munthu sakhala kumutu kwa maliro. Mwana wanga Chiyamiko amulanda, ali m'katimo. Apongozi a Zikani anena kuti mawa akangoika m'manda, ine ndinyamuke. Mwana atsale."

"Mupita kuti?"

"Mundiuze ndinu. Bambo ndi mayi anafera pa esiteti. Ku Phalombe ndinachokako ndili kumsana. Ndikafikako ndikati ndine yani?"

A Chikoti anakhala pamtondo wogubuduzika. Amasiye otere anali atawaona ambiri. Lamulo limati mkazi asathamangitsidwe. Koma lamulo limakwera njinga n'kubwerera kuofesi, mkazi n'kutsala ndi alamu ake.

"Ndiuzeni za guluu."

Ezeliya anamasula mfundo pakona ya chitenje. Munali kabotolo kakang'ono, m'kati muli madzi ofiira olendera.

"Nayu. Ndimayenda naye, angamutaye n'kuikapo wina. Mabawuti a kagiya aja ankamasukamasuka chifukwa cha mabampu. A Yusuf, amakaniko a pa Nsaru, anati pafunika guluu womangira mabawuti, koma iwo anali ndi wabuluu yekha. Ine ndinkapita kutawuni ndi mtedza. Bambo a Chiyamiko anati, 'Usakatenge womatira nsapato, iwe. Ukanene kuti wosamva kutentha kwa injini.' M'sitolo anandiikira timabotolo titatu. Chingerezi sindiwerenga, bwana, sukulu ndinalekera panjira. Ndiye ndinafunsa ndi pakamwa. Woyerayu? Akuti ngwa mbale ndi nsapato, injini ikatentha amayoyoka. Wabuluuyu? Akuti amagwira, koma sipanala imamasula. Wofiirayu? Akuti akauma ndiye wauma, sumasula popanda kuwotcha bawutiyo ndi moto. Ndinati ndipatseni wofiirayo, mwamuna wanga amanyamula anthu, sanyamula maungu. Ndinaima m'sitolomo mpaka wogulitsa anatopa nane. Lero akuti ndinagula wabodza dala, akuti ndinathiramo mankhwala akwathu kuti nditenge nyumba. Nyumba yake iti? Yodontha iyi?"

"Munkayambana?"

"Ee, tinkayambana. Banja liti losayambana? Pakamwa panga mpoipa, aliyense akuuzani. Koma pakamwa sipamasula bawuti."

"Njinga inkagona kuti?"

"M'nyumba yosungiramo fodya ya apongozi, pafupi ndi khola. Ndi yokhayo ili ndi chitseko cholimba. Dzulo sinayende. Tinali kudimba tonse tsiku lonse, timaokera tomato."

"Nanga lero amalawirira kuti?"

"Anati akukatenga mwana wodwala kwa matenanti a apongozi, kutsidya kwa mtsinje. Ndinati wadwala chiyani? Anati, 'Ndikakuuza iwe ndiye kuti ndauza msika wonse.' Anaseka. Mawu omaliza amenewo."

A Zikani anatulukira pakona ya nkhokwe, manja ali kumbuyo.

"Bwana, musavutike kwambiri. Ife ngati banja tamukhululukira. Sitikufuna zamakhoti. Angopita mwamtendere."

"Mwamukhululukira chiyani, bambo?"

"Mukudziwa kale. Anthu obwera awa, mitima yawo sitiidziwa."

Ezeliya analavula malovu pansi.

Masana a Chikoti anaitanitsa Yusuf kupolisi. M'kachipinda kofunsiramo anthu munali tebulo, mipando iwiri ndi njinga ya malemu itatsamira khoma. Yusuf analowa manja ali bii ndi girisi.

"Mabawuti a kagiya anamanga ndani?"

"Ine, bwana. Sabata yatha."

"Ndi guluu uti?"

"Wofiira, amene anabweretsa mayi aja. Ndinatsuka mabawuti ndi petulo, ndinadonthezera, ndinamanga. Ndinamuuza kuti njinga igone tsiku lathunthu guluu aume."

"A kabaza akuti Lolemba munatukwanizana pa siteji."

"Za mpira, bwana! Ine ndi Frackson Lolemba lililonse timatukwanizana za mpira. Timu yake ndi yakufa. Pepani, ndimati yosatha mpira." Yusuf anagwira pakamwa, misozi n'kutsika. "Anthu akuti awotcha shedi yanga. Ena akuti ndi ine, ena akuti ndi mayi aja."

"Kapena munaiwala kuthira guluuyo. Kapena guluuyo ngwabodza."

"Tsiku lomwelo ndinathiranso pamabawuti ogwira injini ku felemu. Botolo lomwelo."

A Chikoti anatenga sipanala yawo. Anaikoleka pabawuti imodzi yogwira injini, n'kukoka. Sinasunthe. Anapondapo ndi phazi, thupi lonse. Sipanala inaterereka, iwo n'kumenyetsa chigongono kukhoma. Bawuti ili pompo. M'mbali mwake munkaoneka kamzere kofiira kouma gwa.

Guluu anali weniweni. Makaniko anamuthira. Ndiye mabawuti awiri aja anachoka bwanji?

Anamasula chivindikiro cha kagiya, n'kupisa chala m'girisi wakuda wosakanikirana ndi fumbi. Anakhudza kanthu kolimba. Bawuti imodzi inali itakanirira m'menemo. Anaipukuta n'kupita nayo pawindo. Mutu wake unali utapsa, wakuda mobiriwira ngati msomali wotoledwa paphulusa. M'mazinga mwake munalibe zofiira, munali fumbi lotuwa loyoyoka.

A Chikoti anali atamasulapo guluu wotere panjinga yawo, ndipo ankadziwa. Injini payokha sifika potentha chonchi. Munthu anayesa sipanala, inakana. Anabwera ndi moto, anawotcha mitu ya mabawuti mpaka guluu anasanduka phulusa, anamasula, anasiya mabawutiwo akungogwira pang'ono, n'kubwezera chivindikiro. Zotsalazo anasiyira mabampu.

"Muli ndi moto wowotcherera zitsulo, a Yusuf?"

"Ndiutenga kuti? Ine ndili ndi masipanala ndi pampu."

A Chikoti anagwadanso. Pafupi ndi kagiya pali popondera phazi, pokutidwa ndi labala. Anapotembenuza. Chammbali, labalayo anali atasungunuka pamene chitsulo chamoto chinaterereka n'kukhudza. Chinasiya chithunzi chake: theka la mkombero, m'kati mwake kamtanda.

Anakumbukira ntchentche zija pantchafu ya ng'ombe.

"Pitani kwanu, a Yusuf. Musauze munthu."

Dzuwa likupendeka anawoloka mtsinje kupita kumunda wa a Zikani. Matenanti ankakhala m'tizisakasa ta udzu kumapeto kwa zigafa za fodya. Anafunsa nyumba ya mwana wodwala. Anawalozera kwa mayi wina dzina lake Sylvia. Anampeza akumanga mapoto m'chiguduli. Pakhomo panakhala mtsikana wamng'ono, woonda, mimba itatuluka kutsogolo. Sanadzutse mutu.

"Mukusamuka, mayi?"

"Abwana atiuza kuti tichoke mawa. Akuti ntchito yatha."

"Fodya akadali m'chigafa, ntchito yatha bwanji? Mwanayu ndani?"

"Rute. Ali sitandade sikisi. Anali."

"Frackson amadzatenga iyeyu?"

Sylvia anayang'ana uku ndi uku. Anayamba kulira mopanda mawu.

"Ndi a Frackson anatiperekeza kuchipatala mwezi watha, tinkayesa malungo. Pobwera mwanayu anaulula mwini mimbayo ali panjinga pomwepo. Abwana ankamuitana kuti akasese m'nyumba ya fodya. Ine ndinati tingokhala chete, tidya chiyani tikalankhula? A Frackson anakana. Anati mkazi wawonso anakulira m'zisakasa zomwezi. Anapita kukawauza atsibweni awo maso ndi maso kuti akadzipereke okha, apo ayi Lachinayi atitengera kupolisi. Lero tinavala m'mamawa, tinakhala apa kudikira. Tinadikira, bwana. Kenako tinamva kulira kumlatho."

"Musachoke. Mawa ndituma wapolisi wamayi adzakutengeni."

"Ndiye pambuyo pake tikadya kwa yani?"

A Chikoti anavala chipewa n'kutuluka.

Lachisanu m'mawa adzukulu ali kumanda, a Chikoti anafika pakhola la a Zikani. Pambali pake panali phulusa la moto wa zitsononkho. Chitsulo chodindira ng'ombe chinali chitapachikidwa pamtengo: ndodo yaitali, kumapeto kwake mkombero ndi kamtanda. Anachitsitsa. M'mphepete mwa mkombero munamatirira labala wakuda wopsa.

A Zikani anabwera ndi buku la nyimbo m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Mwambo uyamba posachedwa, ndine ndikutsogolera."

"Ng'ombe yatsopano ija munaidinda liti, bambo?"

"Lachitatu masana."

"Munali ndi yani?"

"Ndekha. Anthu anali kumadimba. Ng'ombe ndinaimangirira pamtengo."

"Kiyi wa nyumba ya fodya amasunga ndani?"

"Ine. Koma mkazi uja amalowamo nthawi zina."

"Lachitatu mkazi uja anali kudimba ndi mwamuna wake, mudzi wonse unawaona." A Chikoti anatulutsa m'thumba popondera phazi paja, atapochotsa panjinga. Anaika chitsulo pamwamba pa chilonda cha labala. Chinalowa ndendende.

A Zikani anayang'ana.

"Chitsulo aliyense angabwereke."

"Mwanena nokha kuti munali nokha. Dzulo ndinali kwa Sylvia. Rute ndamuona."

Buku la nyimbo linagwera m'ndowe. Sanalitole. Anakhala pansi pachipika, jekete likukhudza fumbi.

"Frackson ndinamulera ine," anatero. "Mayi ake atamwalira, ndani anamudyetsa? Ndiye aziimirira pakhomo panga n'kumandipatsa masiku? Chifukwa cha mwana wa tenanti? Ndinamupempha, bwana. Ndinati tikambirane pachibale, mtsikanayo timupezere mnyamata amukwatire, nkhani ithe. Anati ayi. Zaka zonsezi ndakhala kutsogolo m'tchalitchi. Ndikafere kundende ine?"

"Ndiye munatani?"

"Ndinatenga sipanala. Ndinkayesa ndi kamphindi. Bawuti inakana. Ndinakoka mpaka m'manja munatuluka matuza. Ndinakumbukira mkazi uja akudzitama pachitsime kuti wagula guluu womvera moto wokha. Moto unali uli kale apa, chitsulo chili psuu. Ndinangochitenga." Anapukuta nkhope. "Sindinafune kuti afe. Ndinkati angogwa, athyoke mwendo, agone kuchipatala. Pomatuluka, matenanti aja atapita."

"Munkadziwa kuti akukanyamula Rute ndi mayi ake. Mabawuti akanapirira pang'ono, pamtsetse uja pakanagwa anthu atatu. Anayi, ndi wam'mimbayo."

A Zikani anayang'ana phulusa lija.

"Munkadziwa kapena simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga mkazi wamasiyeyu analakwa chiyani?"

"Anthu ankafuna wolakwa. Iye ngobwera."

Anatero basi, ngati akunena mtengo wa feteleza.

A Chikoti anawamanga unyolo. Anadutsa nawo pabwalo pamaso pa anthu onse, n'kuima pakhomo la siwa. Nyimbo inaduka. Ananena mokweza, kuti ndi ogontha omwe amve: Frackson anaphedwa ndi atsibweni ake. Guluu anali wabwino. Mkazi wake alibe mlandu, ndipo wina aliyense womuthamangitsa kapena kumulanda mwana akaonana ndi khoti.

Palibe anapepesa. Amuna anayang'ana pansi. Elizabeti anatuluka, maso atatupa, n'kuloza kunkhokwe.

"Watithera banja mkazi ameneyu! Dzulo mlongo wanga, lero atsibweni! Asanabwere iyeyu tinkakhala bwino!"

Amayi ena anang'ung'udza movomereza. A Chikoti anawayang'ana. Munthu ungamumange manja. Izi zinazi ungazimange pati? Ankadziwa kuti iwo akangokhota pamsewu, Ezeliya adzatunga madzi yekha, adzadwala yekha, denga likadzagwa adzalidzutsa yekha.

Ezeliya anabwera kuchokera kuseri kwa nkhokwe, udzu uli m'mutu. Anagona komweko. Sanawayang'ane a Zikani. Anaima patsogolo pa a Chikoti, kabotolo kali m'manja.

"Ndiye ndinasankha bwino, eti?"

"Munasankha bwino, mayi."

"Ndikanagula wabuluu uja, akanamasula ndi sipanala, osasiya chizindikiro. Inu mukanati ndine."

"Mwina ndikanatero."

"Koma bambo a Chiyamiko akanafabe."

A Chikoti anayang'ana kabotoloko.

"Wofiira, wabuluu, akanafabe," anatero Ezeliya. "Ndinaima m'sitolo muja ngati chitsiru, kusankhira mwamuna wanga moyo. Amene ndimayenera kumuopa ndinkamuphikira tiyi." Anawapatsa kabotoloko. "Tengani. Ine ndilibenso chomanga."

Anatembenuka n'kulunjika pakhomo la siwa. Elizabeti anali chiimire pomwepo. Ezeliya sanapemphe njira, anamukankha ndi phewa n'kulowa. M'katimo palibe anasendera. Anaponda miyendo ya anthu, anachotsa Chiyamiko pamiyendo ya mayi wina, n'kukadzipanikiza kumutu kwa bokosi, pakati pa khoma ndi msana wa munthu.

Kunja, a Chikoti analiza njinga yawo. Galimoto panalibe, wamlandu anayenera kukwera kumbuyo. A Zikani anaima, maso ali pa injini, pamalo a kagiya.

"Mabawuti ngomanga," anatero a Chikoti. "Kwerani."

Akutuluka m'mudzi anamva mawu amodzi akukwera m'nyumba muja, okhaokha, opanda wowathandiza. Ezeliya anali atayamba kulira mwamuna wake.